Ndinayamba kujambula mwendo utathyoka, pano injini ndikuiona mwanjira ina. Chachitika n'chiyani?

Sipanala17 analemba:

Moni nonse. Ine ndine makaniko, ndipo chaka chino ndakwanitsa zaka 19 ndikukonza magalimoto. Ndili ndi funso limene anzanga a kugalaja sakundiyankha mogwira mtima, ndiye ndati ndilitule pano.

Chaka chatha ndinathyoka mwendo jeke itaterereka. Ndinakhala pakhomo miyezi itatu mwendo uli m'chikhakha, ndipo poti ndinazolowera kugwira zitsulo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, manja ankangondiyabwa. Mwana wanga wamkazi wa zaka 11 ataona kuti ndikungoyang'ana kudenga, anandibweretsera kope lake lakale ndi pensulo n'kunena kuti, "Ababa, jambulani dzanja lanu."

Ndinajambula. Chimene chinatuluka ndi chinthu chozungulira chokhala ndi timizere tisanu. Zinandipweteka mumtima, chifukwa dzanja limeneli ndimalidziwa, chipsera chilichonse ndikhoza kukuuzani injini imene inandipatsa. Mwanayo anayang'ana n'kunena kuti, "Inu simukuyang'ana dzanja, mukuyang'ana pepala. Siyani zala, jambulani mipata imene ili pakati pa zala." Akuti aphunzitsi awo ndi amene anawauza zimenezo. Ndinachita monga ananenera. Ndinajambula mpata wa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, kenako winawo, kenako winawo. Nditamaliza, dzanja linali papepala, lenileni langa, lokhota chala chaching'ono. Chonsecho chala sindinajambule ngakhale chimodzi.

Kuchokera tsikulo sindinasiye. Mpando, nsapato, kiyi, makutu a mwana wanga akulemba za kusukulu.

Funso langa lagona pa zimene zinachitika nditabwerera kuntchito. Ndinapeza galimoto imene inali itasautsa anzanga milungu iwiri. Inkayenda bwinobwino, koma ikangogunda pokumbika inkazima. Anali atasintha pampu ya mafuta, sefa, mapulagi, ngakhale batire. Ineyo mwendo unali usanalimbe, kugwada sindikanatha, ndiye ndinakoka chitini n'kukhala, boneti ili yotsegula, n'kuyamba kujambula zimene zinali patsogolo panga pongotayitsa nthawi. Ndikutsatira waya wina ndi pensulo, ndinafika pamene wayayo amadutsa pafupi ndi kachitsulo kogwira paipi. Ndinati ndijambule mpata wa pakati pa ziwirizo, koma mpata panalibe. Pakachitsulopo panali kadontho konyezimira ngati mutu wa singano. Waya unali utapekeseka, ndipo galimoto ikadumpha unkagunda chitsulo. Tinaukulunga, tinausuntha, vuto linathera pomwepo.

Tonse tinali titayang'ana malo amenewo kambirimbiri. Anzanga akuti unali mwayi chabe. Mwina. Koma chichokereni pamenepo, galimoto ikabwera ndi vuto lachilendo, m'mutu mwanga mumabwera njira zitatu kapena zinayi, pamene kale munkabwera imodzi yokha, ija ndinaphunzitsidwa. Kodi zoonadi zaluso zimatsegula maganizo a munthu, kapena ndikungodzinamiza poti ndakonda kujambula?

MphunzitsiWopuma analemba:

Bambo, simukudzinamiza ayi. Ndaphunzitsa sayansi zaka zoposa 30, ndipo nkhani yanu yandikumbutsa anthu awiri amene anayang'ana mwezi womwewo m'chaka chimodzi.

Mu July 1609, Thomas Harriot wa ku England analozetsa telesikopu kumwezi n'kujambula zimene anaona. Anali katswiri wa masamu, osati munthu wamba. Chithunzi chake chilipo mpaka lero: chozungulira, mzere wokhotakhota pakati, ndi timawanga. Iye anaona mawanga basi. Patangopita miyezi yochepa, kumapeto kwa chaka chomwecho, Galileo Galilei ku Italy anayang'ana mwezi womwewo, ndipo anaona mapiri ndi maenje. Chinamuthandiza n'chiyani? Galileo anali ataphunzira luso lojambula, makamaka mmene kuwala ndi mthunzi zimagwera pachinthu chotukuka ndi pachinthu cholowa m'kati. Ataona timadontho towala m'chigawo chamdima cha mwezi, anazindikira kuti ndi nsonga za mapiri zimene dzuwa layamba kuziwomba kunsi kwake kudakali mdima. Anafika powerengera kuti mapiri ena ndi otalika makilomita oposa 6. Anasindikiza zimenezi mu March 1610, ndipo Harriot atayang'ananso mwezi m'chaka chimenecho, nayenso anajambula maenje. Mwezi unali womwewo. Nthawi imeneyo ophunzira ankakhulupirira kuti zinthu zakumwamba n'zosalala, zopanda chilema, ndiye diso linkafunika chifukwa champhamvu kuti livomere kuona bampu pamwezi.

Wina amene ndinkakonda kuuza ana a sukulu ndi Santiago Ramón y Cajal wa ku Spain, amene anabadwa mu 1852. Ali mnyamata ankafuna kukhala wojambula. Bambo ake anakana, mpaka anamupereka kwa wometa tsitsi, kenako kwa wosoka nsapato, kuti aiwale zimenezo. Pomaliza anaphunzira udokotala, koma pensulo sanaitaye. Camillo Golgi wa ku Italy anali atatulukira mu 1873 njira yodetsera maselo a ubongo kuti azioneka pamaikulosikopu, ndipo iye ankakhulupirira kuti ubongo wonse ndi ukonde umodzi wolumikizana. Cajal anagwiritsa ntchito njira yomweyo, anajambula zithunzi pafupifupi 3,000 pamoyo wake, n'kunena kuti ayi, selo lililonse lili palokha, pakati pa selo ndi selo pali mpata. Mukumva, bambo? Mpata, ngati wa zala zanu uja. Awiriwa anagawana mphoto ya Nobel mu 1906 akutsutsanabe, ndipo mpatawo unadzaoneka bwinobwino m'zaka za m'ma 1950 kutabwera maikulosikopu zamphamvu kwambiri.

Mmene ine ndimazionera, ubongo umakonda njira yachidule. Ukangodziwa dzina la chinthu, umasiya kuchiyang'ana. Ukati "dzanja", wamaliza. Ukati "waya", wamaliza. Karl Duncker, katswiri wa za maganizo wa ku Germany, ankapatsa anthu kandulo, machesi ndi kabokosi kodzaza timisomali, n'kuwauza kuti amangirire kanduloyo kukhoma kuti phula lisadonthere patebulo. Ambiri ankavutika. Yankho ndi kukhuthula timisomali, kukhomera kabokosiko kukhoma n'kuimika kandulo m'menemo. Koma poti kabokosiko anakaona kali ndi ntchito kale, maganizo awo anakatsekera m'ntchito imeneyo. Atadzayesa kupereka kabokosiko kali kopanda kanthu, timisomali tili pambali, anthu ochuluka anapeza yankho. Mwana wanu anakuchotserani dzina lakuti "chala", ndipo mpata ulibe chithunzi chimene ubongo unasunga kale, ndiye munakakamizika kuyang'ana. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pensulo imadekhetsa munthu.

Zingwe6 analemba:

Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, nkhani ya mwezi ija mwaisiyira mbali. Telesikopu ya Harriot inkakulitsa zinthu ka 6, pamene ya Galileo inkakulitsa pafupifupi ka 20. Tisapatse pensulo ulemu wonse pamene galasi nalo linagwira ntchito.

Ine ndimaimba gitala, ndakhala ndikuimba chiyambire ndili mnyamata, ndiye musaganize kuti ndikunyoza zaluso. Chimene chimandiwawa n'chakuti masiku ano aliyense akafuna kuteteza luso amati "limathandiza masamu", "limakulitsa nzeru", ngati kuti nyimbo ndi mankhwala. Mu 1993 ku California kunachitika kafukufuku amene anapeza kuti ophunzira a kuyunivesite atamvera nyimbo ya Mozart, katswiri wakale wopeka nyimbo wa ku Ulaya, anakhoza bwinoko mayeso ena ake a kaonedwe ka zinthu. Phindu lakelo linkatha pakangopita mphindi 10 kapena 15. Koma nkhani inakula mpaka mu 1998 bwanamkubwa wa Georgia ku America, Zell Miller, anapempha ndalama zoti mwana aliyense wobadwa kumeneko azipatsidwa nyimbo zoterezi. Mu 2000, Ellen Winner ndi Lois Hetland a kuyunivesite ya Harvard ku America anasonkhanitsa kafukufuku wambiri wa nkhani imeneyi, ndipo anapeza kuti umboni woti maphunziro a zaluso amakweza magiredi a maphunziro ena ndi wochepa. Anthuwa amakonda luso, n'chifukwa chake ananena zoona.

Achimwene a Sipanala, inu munapeza waya uja chifukwa muli ndi zaka 19 m'manja. Ine mukanandipatsa pensulo yomweyo, kadontho konyezimirako ndikanakajambula bwinobwino osadziwa kuti kakunena chiyani. N'chimodzimodzi ndi August Kekulé, wasayansi wa ku Germany. Anthu amakonda kunena kuti anaona m'tulo njoka ikudziluma mchira, n'kutulukira kuti maatomu 6 a kaboni a m'mankhwala otchedwa benzene amapanga mkombero. Koma anatulukira zimenezi mu 1865, ndipo nkhani ya njokayo anadzaifotokoza mu 1890, patapita zaka 25. Asanaone njoka anali atatha zaka zambiri akulimbana ndi funsolo. Leonardo da Vinci anajambula makina owuluka okongola zedi, koma amene anawuluka mu 1903 ndi abale awiri a Wright, okonza njinga, amene anayesa mapiko ang'onoang'ono ambirimbiri m'bokosi lopemerera mphepo.

Chimene gitala yandipatsa ine si nzeru za masamu. Mkazi wanga atamwalira ndinakhala miyezi ndisakutha kuona za mawa. Tsiku lina ndikungokhudza zingwe, ndinalakwitsa chala n'kutulutsa liwu limene sindinalifune, ndipo linali lokoma kuposa limene ndinkafuna. Ndinalitsatira, linanditengera kunyimbo imene kunalibe m'mawa wa tsikulo. Usiku umenewo ndi umene ndinayamba kukhulupirira kuti padzakhalanso zinthu zimene sindinazionepo. Zimenezi palibe mayeso amene angaziyeze.

NamwinoWaUsiku analemba:

Pepani kwambiri a Zingwe6 chifukwa cha imfa ya mayi a kunyumba. Mawu anu omalizawo andikhudza, ndipo akugwirizana ndi zimene ndimaona kuntchito.

Ine ndimasamalira okalamba, ambiri a iwo odwala matenda oiwala. Kale ndinkaganiza kuti chimene ataya ndi dzulo lokha. Koma mukawafunsa kuti, "Agogo, mdzukulu wanu akabwera Loweruka mukufuna mudzachite naye chiyani?" ena amangokuyang'anani. Funsolo alimva, koma chithunzi cha Lowerukalo sichikubwera. Mu 2007, Demis Hassabis ndi Eleanor Maguire ndi anzawo ku University College London anayesa anthu asanu amene mbali ya ubongo yotchedwa hippocampus inawonongeka. Mbali imeneyi ndi imene imatithandiza kukumbukira zimene zatichitikira. Anawapempha kuti aone m'maganizo zinthu zatsopano, monga atagona pamchenga woyera m'mphepete mwa nyanja. Anayi mwa asanuwo analephera kumanga chithunzi chathunthu. Ankatchula tizidutswa, thambo, mchenga, phokoso la mbalame, koma tizidutswato sitinkagwirana kukhala malo amodzi.

Chimene ndinatolapo n'chakuti kukumbukira ndi kuona zatsopano m'maganizo zimatungira pachitsime chimodzi. Munthu amamanga zimene sizinachitike ndi njerwa za zimene anaziona. Ndiye aphunzitsi ndi a Zingwe6, inetu ndikuona ngati mukukoka chingwe chimodzi. Zaka 19 zija ndi njerwa. Koma munthu amene amangoona dzina la chinthu amasunga njerwa zochepa, ngakhale atagwira ntchito zaka 40. Amene wajambula waya, waona pamene wakhota, pamene wauma, pamene wayandikira chitsulo, wasunga zambiri, ndipo vuto lachilendo likabwera ali ndi zomangira njira zinayi zija.

Pa za kafukufuku, a Zingwe6 mwanena zoona kuti nyimbo sizikhozetsa masamu. Koma kuyang'ana kumaphunzitsika. Kuyunivesite ya Yale ku America, dokotala wa matenda a khungu Irwin Braverman anayamba kutengera ophunzira udokotala kunyumba yosungiramo zojambula kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Aliyense ankaima patsogolo pa chithunzi chimodzi kwa kanthawi, kenako n'kufotokoza zokhazo zimene akuona, osathamangira kumasulira. Zotsatira zake zinatuluka mu 2001, ndipo zinasonyeza kuti ophunzirawo ankafotokoza bwinoko zithunzi za odwala kuposa anzawo amene sanapiteko. Masukulu ena a udokotala anatengera njira imeneyi. Ineyo ndinaphunzira mochedwa, nditalemba kangapo kuti "wodwala ali bwino" pamene milomo yake inali itasintha kale mtundu.

Chinanso, agogo ena amene sathanso kunena za Loweruka, mukawapatsa utoto ndi pepala amakhala ola lathunthu akusankha mitundu, ndipo nkhope imasintha. Ndimakhala nawo pambali osawafunsa kuti akujambula chiyani.

Telala_wa_Mapepala analemba:

Ndiloleni ndiponyepo mawu, chifukwa mukamanena za "kuona m'maganizo" ena a ife timatsala panja. Ine ndikatseka maso ndimaona mdima basi. Nkhope ya mayi anga ndimaidziwa, ndikhoza kuifotokoza, koma siibwera ngati chithunzi. Ndinakula ndikuyesa kuti anthu akamati "taona m'maganizo mwako" n'kuyankhula chabe. Ndinadzadziwa ndili wamkulu kuti anzanga amaonadi. Wasayansi wa ku England Francis Galton anazindikira zimenezi mu 1880 atafunsa anthu kuti akumbukire tebulo limene anadyerapo m'mawa, ndipo ena anati sakuona kanthu. Dzina la mkhalidwe umenewu, lakuti aphantasia, linabwera mu 2015 kuchokera kwa Adam Zeman wa kuyunivesite ya Exeter ku England. Ed Catmull, mmodzi mwa amene anayambitsa Pixar, kampani yopanga mafilimu a makatuni, ali m'gulu lathuli.

Chonsecho ntchito yanga ndi yopanga masitayilo a zovala. Ndimaganiza ndi manja. Ndimatenga pepala, ndimapinda, ndimadula, ndimalikulunga pachidole, ndipo diresi imene sindikanaiona m'mutu imaonekera patsogolo panga. Nthawi zambiri pepala ndi limene limandiuza zochita, likakana kupindika mmene ndimafunira.

Sindili ndekha pokhulupirira pepala. Wojambula wa ku France Henri Matisse atachitidwa opaleshoni mu 1941 sankathanso kuima nthawi yaitali kuti apente, ndiye anayamba kudula mapepala opaka utoto ndi sizasi ali pampando kapena pabedi, ndipo anapitiriza mpaka pafupi ndi imfa yake mu 1954. Ku Japan, Koryo Miura anapeza kapindidwe ka pepala kamene mukakoka ngodya ziwiri lonse limatambasuka kamodzi, mukakankha limabwerera. Mu 1995 anakayesa m'mlengalenga pachombo cha dziko lawo, potambasula chipangizo chokolera mphamvu ya dzuwa.

Ndiye bambo a Sipanala, musadere nkhawa kwambiri za zimene zachitika m'mutu. Mwina zachitikira m'dzanja. Ndikufunseni: njira zinayi zija zimabwera mutangokhala, kapena pensulo ikamayenda?

Sipanala17 analemba:

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri yankho lililonse. Safunsa anadya phula.

Mayi a Telala, funso lanu landisowetsa tulo, ndipo lero ndadziyang'anitsitsa ndili kuntchito. Zimabwera pensulo ikamayenda. Kunabwera galimoto yotentha injini, ndipo ndili chiimire ndinaganiza chimodzi chokha, pampu ya madzi. Nditayamba kujambula njira imene madzi amayenda, kuchokera mu rediyeta, kulowa mu injini, kubwerera, pamzere uliwonse pankabwera funso lakuti, nanga atatsekeka apa? Nanga mpweya utalowa apa? Pomaliza vuto linali paipi yofewa imene inkaphwafuka injini ikathamanga kwambiri, n'kubwerera bwinobwino ikazima. Munthu woyang'ana injini itazima sangaione.

Achimwene a Zingwe6, mwandigwira pamene mwati kadontho kaja mukanakajambula osakamva. N'zoona. Koma inenso ndikuuzeni kuti zaka zambirizo ndinali nazo kale m'thumba mwendo usanathyoke, ndipo anzanga awiri amene anasintha pampu ali ndi zaka zoposa zanga. Pa za akazi anu, pepani kwambiri. Sindinanene poyamba, koma m'miyezi itatu ija ndinkaopa kuti mwendo sudzalola kuti ndigwirenso ntchito, ndipo china chimene ndingachite pamoyo sindinkachiona. Tsiku limene dzanja lija linatuluka papepala ndi limene ndinagona tulo koyamba.

Tili ndi mnyamata wophunzira ntchito amene amafulumira kutchula dzina la vuto boneti isanatseguke n'komwe. Lolemba ndikufuna ndimupatse pepala ndi pensulo, ajambule zimene akuona kwa mphindi 10 asanakhudze sipanala. Aphunzitsi, kodi ndiyambe kumuyesa ndi kandulo ndi kabokosi kaja, kapena ndingomukhazika pachitini patsogolo pa injini?